Thupi likayambana ndi tizilombo take tomwe

Madokotala a matumbo a ku Leuven, m'dziko la Belgium, anali ndi vuto lomwe linawazunguza mutu kwa zaka. Munthu wodwala matenda a Crohn ankamuchita opaleshoni, n'kudula chigawo chonse cha thumbo chomwe chawonongeka, n'kusoka pamodzi mbali ziwiri zabwinobwino zotsalazo. Wodwalayo ankabwerera kwawo atapeza bwino. Koma akamuunika ndi kamera chaka chisanathe, pafupifupi 7 mwa odwala 10 alionse ankapezeka ndi zilonda zatsopano, ndipo zinkatuluka pamalo amodzimodzi, chakumtunda penipeni kwa msoko uja.

Gulu lotsogoleredwa ndi Paul Rutgeerts linayesa njira ina pa odwala 5. Atatha kudula ndi kusoka, anaboola kakhomo pamimba kuti zonse zotsika m'thumbo zizitulukira m'kathumba komatidwa pakhungu, zisafike pamene asokapo. Patapita miyezi 6 anaunika, ndipo thumbo linali losalala see, lopanda chilonda ngakhale chimodzi. Kenako anatseka kakhomo kaja kuti chimbudzi chiyambenso kuyenda m'njira yake. Patapitanso miyezi 6, onse 5 anali ndi zilonda. Izi zinasindikizidwa mu 1991 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Mu 1998 Geert D'Haens, wa pachipatala chomwecho, anatunga zotuluka m'kathumba ka wodwala n'kuzithira m'chigawo cha thumbo chomwe chinkapumula chija. Patangotha masiku 8, zizindikiro za kutupa zinayamba kuoneka.

Wodwala anali yemweyo, magazi ake omwewo, chibadwa chake chomwecho. Chimene chinkasintha ndi zodutsa m'thumbomo basi, ndipo gawo lalikulu la zodutsazo ndi mabakiteriya.

Matenda a Crohn ndi amodzi mwa matenda awiri akuluakulu otupitsa matumbo kwa moyo wonse. Enawo ndi ulcerative colitis. A Crohn amagwira paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi, koma amakonda kumapeto kwa thumbo laling'ono. Amadumphadumpha, apa chilonda, apo pabwino, ndipo amalowa mozama moti nthawi zina amaboola thumbo n'kutsegula njira yachilendo yotulukira pakhungu kapena m'chikhodzodzo. Ulcerative colitis imangogwira thumbo lalikulu. Imayambira kumapeto kwenikweni n'kumakwera mosadukiza, ndipo imasupula kakhungu ka mkati kokha.

Pa moyo wa munthu, zimenezi ndi zowawa kuposa mmene zikumvekera papepala. Matendawa amakonda kuyamba munthu ali pachinyamata, zaka zapakati pa 15 ndi 35. Akavuta, wodwala amathamangira kuchimbudzi ka 10 kapena kuposa pa tsiku, usiku womwe, ndipo chimbudzicho chimatuluka ndi magazi ndi ntchofu. Asananyamuke ulendo amayamba waganiza kuti panjirapo chimbudzi chili pati. Ulendo wautali wa pabasi amauopa, kuchezera pamaliro amakuopa, ndipo pa ukwati amakana nsima anthu n'kumamuyesa wonyada. Amaonda, magazi amachepa, ndipo ngati ndi mwana sakula bwino. Kenako matendawo amazizira kwa miyezi kapena zaka, achibale n'kuyamba kunena kuti wachira, mpaka tsiku lomwe adzayambirenso. Sapatsirana, ndipo ndi osiyana ndi zilonda za m'mimba zomwe anthu ambiri amazidziwa.

Zilonda za m'mimbazo n'zimene zinapatsa akatswiri chiyembekezo choti tsiku lina adzagwira kachilombo kamodzi koyambitsa zonsezi. Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti zambiri mwa zilondazo zimayamba ndi bakiteriya mmodzi, Helicobacter pylori, ndipo akaphedwa munthu amachira. Analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Pa matenda a Crohn anthu anasaka chimodzimodzi kwa nthawi yaitali. Dokotala wa opaleshoni wa ku Glasgow, Kennedy Dalziel, anaona mu 1913 kuti matumbo a odwala ake akufanana ndi a ng'ombe zodwala matenda a Johne, omwe amayamba ndi kachilombo kam'banja limodzi ndi ka TB. Burrill Crohn ndi anzake Leon Ginzburg ndi Gordon Oppenheimer, pachipatala cha Mount Sinai ku New York, analongosola matendawa bwinobwino mu 1932 koma kachilomboko sanakapeze. Mu 2007 madokotala a ku Australia anafalitsa zotsatira za odwala 213, omwe ena mwa iwo anamwa mankhwala opha kachilombo kameneka kwa zaka 2. Phindu lokhalitsa silinaoneke.

Mabakiteriya 38 thiriliyoni

Yankho linayamba kuoneka pamene akatswiri anasiya kusaka mlendo n'kuyamba kuyang'ana eni mudzi. Akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel anawerengera mu 2016 kuti munthu wamkulu amayenda ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, pomwe maselo a thupi lake ndi pafupifupi 30 thiriliyoni. Onse pamodzi amalemera magalamu 200 okha, ndipo pafupifupi onsewo amakhala m'thumbo lalikulu, mumdima mopanda mpweya wa okosijeni. Mwana amawatenga kwa mayi ake pobadwa ndi poyamwa. Mkaka wa m'mawere uli ndi mitundu ina ya shuga yomwe mwanayo sangaigaye. Shuga ameneyu ndi chakudya cha mabakiteriya otchedwa Bifidobacterium, omwe amakhazikika m'matumbo a khanda n'kutsekereza malo kuti oipa asachuluke.

Mabakiteriyawa sakhala mwaulere. Munthu akadya nyemba, mgaiwa, bonongwe kapena mbatata ndi khungu lake, pamakhala gawo lomwe mimba ndi thumbo laling'ono zimalephera kugaya. Gawo limeneli, la gaga ndi mitsitsi ya m'masamba, ndi lomwe azaumoyo amalitcha faiba. Likafika m'thumbo lalikulu mabakiteriya amalisasitsa n'kutulutsa timadzi tosiyanasiyana, ndipo tofunika kwambiri pa nkhani ino ndi totchedwa butyrate. Maselo a khoma la thumbo lalikulu amapeza mphamvu zawo zambiri kuchokera ku butyrate, osati ku shuga wa m'magazi monga ziwalo zina. Butyrate yemweyo amathandiza thupi kupanga asilikali amtundu wapadera omwe ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kuyamba ndewu popanda chifukwa.

Pamenepa m'pofunika kuona kuopsa kwa malowa. Pakati pa mabakiteriya osawerengekawo ndi magazi a munthu pali mzere umodzi wokha wa maselo. Kuseri kwa mzerewo kwadzaza asilikali a chitetezo cha m'thupi, okonzeka kuukira bakiteriya aliyense wolowa. Chimene chimasunga mtendere ndi ntchofu. Mu 2008 Malin Johansson ndi Gunnar Hansson a ku Gothenburg, ku Sweden, anasonyeza kuti ntchofu ya m'thumbo lalikulu ili ndi magawo awiri. Gawo lakunja ndi lotayirira, ndipo mabakiteriya amakhalamo n'kumadya. Gawo lamkati ndi lothithikana, lomatirira pakhoma, ndipo mwa nyama kapena munthu wathanzi mulibe mabakiteriya. Pambuyo pake anapeza kuti mwa odwala ulcerative colitis, matenda akavuta, mabakiteriya amadutsa gawo lamkatili n'kukhudza maselo enieniwo.

Chingaphwanye khoma limeneli n'chiyani? Gulu la Eric Martens ku University of Michigan linatenga mbewa zoleredwa mopanda bakiteriya aliyense, n'kuziika m'matumbo mitundu 14 ya mabakiteriya a munthu. Zina anazidyetsa chakudya chokhala ndi faiba, zina chopanda. Mwa mbewa zosowa faiba, mabakiteriya odya ntchofu anachuluka ndipo ntchofuyo inapyapyala. Atazipatsa kachilombo kotsegula m'mimba, mbewa zimenezi ndi zomwe zinadwala kwambiri. Amene anawetapo mbuzi amadziwa zomwe zimachitika m'chilimwe msipu ukatha: mbuzi zimayamba kudya mpanda wa udzu wotchinga dimba, ndipo mpanda ukabooka zimalowa. Kafukufukuyu anatuluka mu 2016, ndipo ngakhale anachitika pa mbewa, anasintha mmene akatswiri ambiri amaonera chakudya chopanda gaga.

Mbewa zinaphunzitsanso chinthu china. Mu 1993 akatswiri a ku Cologne, ku Germany, anapanga mbewa zopanda IL-10, chinthu chomwe thupi limagwiritsa ntchito poziziritsa asilikali ake. Mbewazo zinkatupa matumbo zokha. Mu 1998 gulu la Balfour Sartor ku North Carolina linalera mbewa zamtundu womwewo m'mabokosi otsekedwa, mopanda bakiteriya ngakhale mmodzi, ndipo sizinadwale. Atazipatsa mabakiteriya wamba a m'matumbo, osati oyambitsa matenda, zinayamba kutupa. Chofooka cha chibadwa pachokha sichinakwane, mabakiteriya paokha sanakwane, koma ziwirizi zitakumana matenda anabuka.

Mwa anthu, umboni wofanana unabwera mu 2001, pamene magulu awiri, lina ku Paris lina ku Michigan, anapeza jini yoyamba yokhudzana ndi matenda a Crohn, yotchedwa NOD2. Ntchito ya jini imeneyi ndi kuthandiza maselo kuzindikira zidutswa za khungu la bakiteriya. Lero malo oposa 200 a m'chibadwa cha munthu akudziwika kuti amakhudzana ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ndi okhudza mmene thupi limazindikirira mabakiteriya, kuwatsekereza kapena kuwapha. Komabe chibadwa sichiweruza chokha. Kawirikawiri mapasa ofanana ndendende, mmodzi amadwala mnzake ayi. Ndipo ku Japan, komwe zolakwika za NOD2 zodziwika ku Ulaya sizipezekapezeka, matenda a Crohn alipo ndipo achuluka.

Chinayamba n'chiti?

Akayeza chimbudzi cha odwala, chithunzi chimakhala chofanana m'mayiko ambiri. Mitundu ya mabakiteriya imachepa. Opanga butyrate amasowa, makamaka mmodzi wotchedwa Faecalibacterium prausnitzii, yemwe mwa munthu wathanzi ndi mmodzi mwa ochuluka kwambiri. Harry Sokol ndi anzake ku Paris anapeza mu 2008 kuti odwala Crohn omwe anali ndi bakiteriya ameneyu wochepa panthawi ya opaleshoni ndi amene zilonda zinkawabwerera msanga. Malo a osowawo amatengedwa ndi a banja la E. coli. Ku Clermont-Ferrand, ku France komweko, Arlette Darfeuille-Michaud anapeza mtundu wa E. coli womatirira pakhoma la thumbo, wolowa m'maselo, ndipo umatha kukhala ndi moyo m'kati mwa asilikali omwe amayenera kuupha.

Munthu wosamala angafunse kuti kodi kusintha kumeneku ndi komwe kumayambitsa matenda, kapena ndi matendawo omwe amasintha mabakiteriya? Funsoli ndi lomveka, chifukwa thumbo lotupa limasintha malo okhala. Magazi akamatuluka amabweretsa okosijeni, ndipo mabakiteriya opanga butyrate sapirira okosijeni. E. coli ndi abale ake amaupirira, ndipo gulu la Andreas Bäumler ku California linasonyeza kuti amapezanso mphamvu kuchokera ku zinthu zomwe asilikali a thupi amatulutsa pomenya nkhondo. Choncho kutupa kumapha othandiza n'kunenepetsa osokoneza, osokonezawo n'kuwonjezera kutupa, ndipo zimangozungulira choncho. Pali chinanso chodabwitsa. Ana odwala Crohn amathandizidwa bwino kwambiri akasiya chakudya chonse kwa milungu 6 mpaka 8 n'kumangomwa chakumwa chapadera cha kuchipatala, ndipo ambiri matenda amazizira. Koma akatswiri a ku Glasgow atayeza anapeza kuti panthawiyi mitundu ya mabakiteriya imachepa, Faecalibacterium yemwe, mwana ali mkati mopeza bwino. Amene amanena kuti nkhani yonse ndi yongowonjezera mabakiteriya abwino sanaifike pakati.

Njira yokhayo yodziwira chomwe chimayamba ndi kutsatira anthu asanadwale. Ku Canada, kuyambira mu 2008, kafukufuku wotchedwa GEM, wotsogoleredwa ndi Ken Croitoru wa ku Toronto, analemba anthu pafupifupi 5,000 athanzi omwe ali ndi kholo kapena m'bale wodwala Crohn. Anasunga magazi, mkodzo ndi chimbudzi chawo n'kudikira. Ena mwa iwo anadzadwaladi. Atabwerera ku zomwe anasunga zija anapeza kuti odwalawo anali ndi khoma la matumbo lodontha zizindikiro zisanayambe, ndipo mu 2023 analengeza kuti mabakiteriya awo anali atasiyana kale ndi a anzawo zaka mpaka 5 matenda asanaoneke.

Matumbo a ku Malawi

Kwa nthawi yaitali matendawa ankatengedwa ngati a Azungu. Kafukufuku wa dziko lonse anawerengera anthu 6.8 miliyoni odwala mu 2017, ambiri ku North America ndi ku Ulaya. Ku Britain kokha bungwe la Crohn's & Colitis UK linanena mu 2022 kuti odwala ndi oposa 500,000, munthu mmodzi mwa 123 alionse. Koma kumene chiwerengero chikukwera msanga tsopano ndi ku Asia, South America ndi mbali zina za Africa, makamaka m'mizinda. Chibadwa cha mtundu wa anthu sichisintha m'zaka 30. Chimene chimasintha ndi chakudya, madzi, mankhwala ndi kakhalidwe.

Osamuka ndi amene amaonetsa bwino zimenezi. Ku Ontario, m'dziko la Canada, kafukufuku wa 2015 anapeza kuti obwera kuchokera kunja sadwala kwambiri monga eni dziko, koma amene anafika ali aang'ono chiopsezo chawo chinali chokwererapo. Ana obadwira komweko kwa makolo ochokera kum'mwera kwa Sahara anali ndi chiopsezo chofanana ndi ana a eni dziko. Mabanja a kuno omwe akulera ana ku Leicester kapena Manchester ayenera kudziwa zimenezi, kuti mwana akamatsegula m'mimba ndi kuonda kwa miyezi asamati kwathu kulibe matenda otere.

Malawi ali m'mabuku a sayansi imeneyi. Mu 2012 gulu la Jeffrey Gordon wa ku St. Louis linafalitsa m'magazini ya Nature kafukufuku wa anthu 531: a m'midzi ya ku Malawi, a m'nkhalango ya Amazon ku Venezuela, ndi a m'mizinda ya ku America. M'mayiko onse atatu mabakiteriya a mwana ankafika pofanana ndi a munthu wamkulu pa zaka pafupifupi 3. Koma akuluakulu a ku America ndi amene anali ndi mitundu yochepa kwambiri. Mabakiteriya a Amalawi anali odziwa kuphwanya sitachi wa chimanga ndi zomera zina, pomwe a ku America anazolowera nyama ndi shuga.

Kusintha kwake sikuchedwa. Stephen O'Keefe wa ku Pittsburgh anasinthanitsa chakudya pakati pa anthu 20 akuda a ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya ku KwaZulu-Natal kwa milungu 2 yokha. A ku America anadya phala la chimanga, nyemba ndi zipatso, ndipo a ku South Africa anadya nyama yamafuta, masoseji ndi tchipisi. Butyrate anakwera mwa oyambawo, anatsika mwa achiwiriwo, ndipo zizindikiro za kutupa pakhoma la thumbo zinatsika mwa oyamba n'kukwera mwa achiwiri. Kafukufukuyu, wa 2015, cholinga chake chinali khansa ya m'matumbo, koma phunziro lake likukhudza nkhani ino. Mu 2021 kafukufuku wina wotchedwa PURE, wa anthu oposa 116,000 m'mayiko 21, kuphatikizapo Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa, anapeza kuti odya zakudya za m'mapaketi zokonzedwa kwambiri kufakitale ka 5 kapena kuposa pa tsiku anali ndi chiopsezo chokwera ndi 82 peresenti poyerekeza ndi osadya kawirikawiri. Kafukufuku wotere amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, satsimikiza chomwe chayambitsa chinzake, koma akugwirizana ndi zomwe zinaoneka ku Atlanta mu 2015, pamene mankhwala awiri omwe mafakitale amathira m'zakudya kuti mafuta ndi madzi zisalekane anapyapyalitsa ntchofu ya mbewa n'kuzitupitsa matumbo.

N'zomvetsa chisoni kuti m'matauni mwathu mgaiwa umaonedwabe ngati ufa wa osauka, madeya n'kumapita ku nkhumba ndi nkhuku, mwana n'kumapita kusukulu ndi paketi ya zokhwasula ndi chakumwa chotsekemera. Nandolo, khobwe, nzama, chisoso, mapira, mawere ndi malambe ndi chakudya chenicheni cha mabakiteriya opanga butyrate. Ngakhale mkute uli ndi ubwino wake: nsima ikazizira, gawo lina la sitachi wake limalimba moti siligayika m'thumbo laling'ono, ndipo limakafika kwa mabakiteriya a m'thumbo lalikulu. Chofunika ndi kuusunga movundikira ndi kuutenthetsa bwino.

Komabe asapezeke wonena kuti matumbo a kumudzi ali pamtendere. Ali ndi kutupa kwawo kwamtundu wina. Mwana wokwawa pabwalo pomwe nkhuku zimayenda, womwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, amameza tizilombo ta m'chimbudzi tsiku ndi tsiku. Mwina satsegula m'mimba, koma thumbo lake laling'ono limakhala lotupa nthawi zonse, ndipo timitu tosongoka tomwe timayamwa chakudya timafupika n'kuphwatalala. Vutoli, lomwe madokotala amalitcha environmental enteropathy, limayendera limodzi ndi kupinimbira kwa ana, ndiponso limaganiziridwa kuti ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe katemera wakumwa sagwirira ntchito mwamphamvu kuno monga ku Ulaya. Paul Kelly ndi anzake a pa University of Zambia akhala akulifufuza kwa zaka zambiri mwa anthu a ku Misisi mu Lusaka. Kuti gwero lake ndi malo okhala zinadziwika kalekale: achinyamata a Peace Corps omwe anapita ku Pakistan m'zaka za m'ma 1960 anayamba vutoli, ndipo atabwerera kwawo linatha. Ku Malawi anayesa kulichiza mwa ana ndi bakiteriya wa Lactobacillus, kenako ndi mankhwala a rifaximin, koma zonse ziwiri sizinathandize.

Gulu la Gordon lija linatsatiranso mapasa a m'mabanja 317 a ku Malawi m'zaka zawo 3 zoyambirira. M'mabanja ena mwana mmodzi anadwala kwashiorkor mnzake ali bwino, pomwe ankadya mbale imodzi. Atatenga mabakiteriya a mwana wodwala n'kuwaika m'mbewa zopanda mabakiteriya, n'kuzidyetsa chakudya cha kumudzi kuno, mbewazo zinaonda kwambiri. Atazipatsa chiponde zinayamba kunenepa. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya Science mu 2013.

Chimbudzi ngati mankhwala

Ngati mabakiteriya asokonekera, bwanji osawasintha onse? Maganizo amenewa anayesedwa. Mu 1958 Ben Eiseman wa ku Denver anathira chimbudzi cha anthu athanzi m'matumbo a odwala 4 omwe anali kayakaya ndi kutsegula m'mimba koopsa, ndipo anachira. Mu 2013 madokotala a ku Amsterdam anayesa njirayi pa matenda a Clostridium difficile, omwe amabwera maantibayotiki akapha mabakiteriya ena onse. Odwala 15 mwa 16 anachira, pomwe mwa omwe analandira mankhwala a vancomycin okha anachira 4 mwa 13.

Pa ulcerative colitis zotsatira zake n'zochepa koma zenizeni. Ku Hamilton, ku Canada, mu 2015, matenda anazizira mwa 24 peresenti ya olandira chimbudzi, poyerekeza ndi 5 peresenti ya olandira madzi chabe, ndipo ambiri mwa opeza bwinowo analandira kuchokera kwa munthu mmodzi yemweyo. Ku Australia, mu 2017, zinali 27 peresenti poyerekeza ndi 8, ndipo mu 2019 zinali 32 poyerekeza ndi 9. Kusiyana ndi C. difficile n'komveka. Kumeneko thupi la wodwala lilibe vuto, asowa ndi mabakiteriya okha. Pa ulcerative colitis asilikali a thupi ndi amene anazolowera ndewu, ndipo mabakiteriya atsopano amakafika pamalo otupa kale. Njirayi si yoyesera kunyumba. Mu 2019 bungwe la FDA ku America linachenjeza anthu wodwala wina atamwalira ndi E. coli wosamva mankhwala yemwe anabwera ndi chimbudzi choperekedwacho.

Nanga makapisozi ndi mayogati olembedwa kuti probiotic? Pali bakiteriya mmodzi, E. coli Nissle 1917, yemwe dokotala wa ku Germany Alfred Nissle anamutenga kwa msilikali amene sanadwale kamwazi pankhondo yoyamba ya dziko lonse anzake akudwala. Kafukufuku wa 2004 anapeza kuti amathandiza ulcerative colitis kuti isabwerere mofanana ndi mankhwala a mesalazine. Kupatula zochepa zotere, umboni ndi wofooka, ndipo mu 2020 bungwe la madokotala a matumbo la American Gastroenterological Association linati silingalimbikitse ma probiotic pa matenda awiriwa kunja kwa kafukufuku. Chithandizo chenicheni mpaka pano ndi mankhwala oziziritsa chitetezo cha m'thupi: mesalazine, prednisolone kwa nthawi yochepa, azathioprine, majekeseni monga infliximab yemwe anavomerezedwa mu 1998, ndi opaleshoni pamene pafunika.

Kutsegula m'mimba kosamva mankhwala

Kuno kwathu munthu akaona magazi m'chimbudzi amaganiza za kamwazi, ndipo nthawi zambiri amalondola. Kamwazi, likodzo la m'matumbo, TB ya m'matumbo, matenda obwera chitetezo chikatsika ndi HIV, ngakhalenso khansa, zonsezi n'zofala kuposa Crohn ndi ulcerative colitis. Vuto limabwera pamene munthu wamwa Flagyl, wamwa cipro, wabwerezanso kugula ku famase popanda kuyezetsa, miyezi n'kumapita magazi osasiya. Maantibayotiki apulumutsa miyoyo yosawerengeka ndipo pamene akufunika ayenera kumwedwa, koma sasankha pakupha. Ku Denmark, kafukufuku wa ana oposa 500,000 anapeza kuti omwe anamwapo maantibayotiki anali ndi chiopsezo cha Crohn chokwera katatu, ndipo chinkakwera ndi kuchuluka kwa maulendo omwe anamwa. Mwina ena mwa anawo anapatsidwa mankhwalawo chifukwa matenda anali atayamba kale mobisika. Koma ku North America, pa ana 447 ongopezeka kumene ndi Crohn, omwe anali atamwa maantibayotiki ndi amene mabakiteriya awo anali osokonekera kwambiri.

Kutsegula m'mimba kopitirira milungu 4, makamaka kwa magazi, kodzutsa munthu usiku kapena koondetsa, n'kofunika kuyezetsa chimbudzi, magazi ndi HIV, ndipo zikapanda kupereka yankho, kuunika m'matumbo ndi kamera n'kudula kachidutswa kokayeza. Kuunika kotereku kumapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, ndipo n'chifukwa chimodzi chomwe odwala ambiri a mu Africa sawerengedwa n'komwe.

Ngakhale kamera italowa, dokotala amakhalabe ndi ntchito yovuta, chifukwa TB ya m'matumbo ndi Crohn zimagwira malo amodzimodzi, kumapeto kwa thumbo laling'ono, ndipo zilonda zake zimafanana kwambiri. Kulakwitsa apa n'koopsa. Wodwala TB akapatsidwa prednisolone kapena infliximab, chitetezo chake chimatsika ndipo TB imafalikira thupi lonse. Wodwala kamwazi wa amoeba akapatsidwa prednisolone thumbo lake likhoza kubooka. N'chifukwa chake m'mayiko omwe TB ndi yofala, monga India ndi South Africa, madokotala akakayikira amayamba ndi mankhwala a TB n'kuona kwa miyezi 2 kapena 3 ngati wodwala akusintha, ndipo pambuyo pake amaunikanso. Zilonda zikakhala kuti zapola, inali TB. Zikakhala zilipobe, amayamba chithandizo cha Crohn.